Masiku anayi a "database is locked" pa ka Raspberry Pi kanga

Akuluakulu, usiku wathawu ndagona tulo tabwino. Kuyambira Lolemba, ka Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kamene kamalondera mabatire a sola kwathu kuno ku Chilomoni kakhala kakundilavulira mawu amodzimodzi: database is locked. Dzulo cha m'ma 11 usiku ndinapeza pamene pagona nkhani, ndipo mankhwala ake ndi liwu limodzi lokha. Manyazi ake!

Makonzedwe anga ndi awa. Sikiriputi (kapulogalamu) yoyamba ya Python imawerenga mavoti a batire masekondi 10 alionse n'kulemba mu SQLite, database imene imasunga deta mu fayilo. Yachiwiri imadzuka ola lililonse, kuwerenga za ola lapitalo, kupeza avereji, n'kuika mu tebulo la chidule loonera pa foni. Zonse mu fayilo imodzi, WAL (njira imene SQLite imayamba yalemba zosintha mu kafayilo kapadera ka -wal) ili yoyatsa kalekale. Yachiwiriyi ndi imene inkafa, mwina katatu patsiku, mwinanso osafa n'komwe.

Choyamba ndinathamangira ku timeout, nthawi yodikira kuti loko imasuke, monga tonse timachitira. Python imadikira masekondi 5 ukapanda kuiuza kanthu, ine ndinakweza kufika 30. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti error ija siinkadikira ngakhale sekondi imodzi. Ikangofika pa INSERT, lamulo lolemba mzere watsopano, pomwepo phi! Ndiye 30 yanga ija ikupita kuti?

Lachiwiri ndinanamizira SD card. Ndinali ndi chifukwa, poti chaka chatha ndinagulapo kadi kwa mnyamata wina wa m'mbali mwa msewu ku Limbe, yolembedwa 64GB, koma itangodutsa 8 inayamba kudya mafayilo. Ndinakwera minibasi kukagula ina kwa mkulu wanga uja wa kashopu ka kuseri kwa msika, amene amakulola kuyesa kadi pa laputopu yake usanalipire, ndipo mafyuzi ndi timawaya amakuwonjezera basela. Kubwerako, kukopera zonse, PRAGMA integrity_check (yoyeza ngati database yawonongeka) yati ok, error ili pomwepo. Ndalama yapita, mayi a kunyumba akungondiyang'ana.

Chinandipulumutsa ndi Python 3.11, imene inabwera pamene ndinaika Bookworm, mtundu wa operating system ya Pi. Kuyambira pamenepo exception ya sqlite3 imanyamula sqlite_errorname, dzina lenileni la error. Nditaisindikiza, sinatuluke SQLITE_BUSY wamba amene ndinkayembekezera. Inatuluka SQLITE_BUSY_SNAPSHOT, nambala 517. Uthenga wa pamwamba ndi umodzi, koma matenda ndi awiri.

Mu sikiriputi ya chidule ija ndinalemba ndekha BEGIN, kenako SELECT, kenako INSERT. BEGIN yopanda mchira ndi DEFERRED: siigwira loko iliyonse mpaka lamulo loyamba litafika. SELECT, lamulo lowerenga, ikabwera, iwe ndiwe wowerenga, ndipo mu WAL wowerenga amaona database momwe inalili pa nthawi imene anayamba. Uli mkati mowerenga, mnzake wa masekondi 10 uja walemba kale mzere watsopano n'kuchita commit, kutsimikiza kuti zasungidwa. Tsopano iwe ukufuna kusanduka wolemba utagwira chithunzi chakale. Zili ngati ku banki nkhonde: wakopera kaundula, wapita pakhonde kukawonkhetsa, kumbuyo kuno wina waponya masheya, ndiye ukubwera ndi totala yako kuti alembi aike m'buku. Ngakhale utakhala pamkekapo mpaka dzuwa kulowa, totala yakoyo siikhala yoona. N'chifukwa chake SQLite siivutika n'kukudikiritsa, imangokubweza.

Ndinasintha kukhala BEGIN IMMEDIATE. Loko yolembera imagwidwa pachiyambi pomwe, ndipo ngati wina ali nayo, apo ndi pamene timeout imagwira ntchito yake. Wolemba mu SQLite amakhala mmodzi basi nthawi imodzi, ndi WAL yomwe. WAL, imene inabwera mu 3.7.0 mu 2010, inangothetsa mkangano wa owerenga ndi wolemba, osati wa olemba awiri. Ine zaka zonsezi ndinkangoti ukayatsa WAL nkhani za loko zatha.

Nanga bwanji zayamba pano, osati chaka chatha? Masekondi 10 alionse ndi mizere 8,640 patsiku, pachaka kupitirira 3 miliyoni, ndipo pa kolamu ya nthawi ndinalibe index, mlozera wothandiza kupeza mizere msanga. EXPLAIN QUERY PLAN, imene imaonetsa momwe SQLite ikufufuzira, inandionetsa SCAN, kutanthauza kuti ola lililonse inkasesa tebulo lonse pa SD card kuti ipeze mizere 360. Tebulo likamakula, SELECT imachedwa, mpata woti mnzake alembe pakatipo umakulanso. Nditaika index yasanduka SEARCH, ndipo imatha ndisanaphethire. Kunena zoona index yokhayo ikanabisa vutoli osalichiza, ndiye ndasangalala kuti ndinaipeza nditachiza kale vuto lenilenilo.

Kamodzi kokha kochenjezana: pokopera ku kadi yatsopano ndinatsala pang'ono kusiya fayilo ya -wal, ndikuiyesa zinyalala. Muli ma commit amene sanalowe mu fayilo yaikulu mmenemo. Pano ndikugwiritsa .backup, lamulo la SQLite lokopera database, basi.

Yayenda maola 14 osadandaula, ndipo magetsi atazima m'mawa uno inapitiriza pa batire bwinobwino. Mvula isanayambe ndikufuna kuwonjezera sensa ya m'thanki la madzi ndi choyezera mvula padenga, mwinanso anzathu a ku Ndirande ndi ku Bangwe aike zawo tizifananiza mvula ya mbali ya Michiru ndi ya uko. Momwe mafayilo atatuwo adzalankhulirane ndidzaona konko. SD card imene ndinachotsa mu Pi ija ilibe mlandu, amene akuifuna anene.