Ija ya pa treadmill ndiinene ndekha

Popeza kavidiyo kaja koonetsa ine ndikugwa pa treadmill ku jimu kafika kale mu gulu la WhatsApp la kalasi, bola ndifotokoze ndekha musanaithire mchere. Inde ndinagwa. Koma anayambitsa ndi mtsikana uja wa chaka chomaliza amene akuyenda ndi mafomu kufunsa chomwe chimapangitsa ma student kuchita kapena kusachita masewero olimbitsa thupi.

Anandipeza ku laibulale, akuti a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati munthu wamkulu azichitako mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, inu mumachita zingati? Ine pofuna kuoneka munthu ndinalemba 300, ine amene masewero anga ndi kuthamangira kalasi ya 8 koloko ndikadzuka mochedwa. Pofunsa chimene chimandilepheretsa panali nthawi, mayeso, manyazi, kusowa wopita naye, ine ndinalemba kuti palibe. Iye amvekere, "Eee achimwene, ndiye mawa tikumane ku jimu."

Pa treadmill, makina othamangirapo aja, pali kachingwe kofiira komangirira pa malaya kuti ukaterereka azime okha. Ine ndinakaona ngati ka anthu ongoyamba kumene, ndinakasiya kakulendewera. Mtsikana uja anaika liwiro pa 9, ine ndinadina mpaka 14, mphindi yoyamba zimayenda ndithu mpaka ndinatembenuka kuti ndimumwetulire.

Abale, miyendo inatsalira m'mbuyo osatsanzika. Manja ali gwa! pa zogwirira, miyendo ikupalasa ngati galu amene amuponya m'madzi, ndipo makina alibe nazo ntchito akungopita. Ndikukuuzani ndinalendewera pamenepo semesita yathunthu, ndinakumbukira machimo anga onse ndi assignment imene sindinapereke. Nsapato yakumanzere inavuka nkukamenya galasi, phwa! Kenako lamba uja anandinyamula chafufumimba bwinobwino ngati katundu nkukanditula pa mapazi a trainer. Jimu yonse zii. Ndiye poti ndinali kale pansi ndinayamba ma push-up kuti aziona ngati ndi mmene ndimatsikira masiku onse. Ndinapanga awiri, wachiwiriyo wosakwana.

Koma tinene chilungamo, ndinagona 3 koloko usiku umenewo chifukwa cha mayeso, komanso palibe anandiuza ntchito ya kachingwe kaja. Ndipo inu mukuseka kwambirinu munapondako liti ku jimu? Amene anajambulayo ndikumudziwa, anakhala pa njinga mphindi 20 osapalasa, maso ali pa foni.

Kuwawa kwenikweni kunabwera tsiku lachiwiri, mmene minofu imachitira ukaidzidzimutsa, masitepe a ku hostel ndimatsika chammbuyo nditagwira khoma.

Dzulo mtsikana uja wandibweretsera fomu ija kuti mwina ndikonzeko penapake. Ndafufuta ziro mmodzi pa 300, ndachonga manyazi. Nsapato ija akuti idakali pa reception, amene akudutsa cha kumeneko anditengereko chonde.