Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mwendo wa Kamphepo

Ndabweranso abale. Pepani kuti ndinakusiyani m'malere, foni inagwera m'ndowa ya madzi kukhola. Zikomo mayi a ku Area 25 amene simuphonya gawo ngakhale limodzi, ndi inu achimwene a ku Bulawayo amene munakumbuka kuti hatchi ya chipsera pamphuno ija ya mu gawo 9 ndi Kamphepo yemweyu. Dzina lake la pa mpikisano sindilitchula. Ili ndinamupatsa ndine.

Zaka zinayi ndinamusamalira ku Randjesfontein, malo ophunzitsira mahatchi a mpikisano pakati pa Joni ndi Pretoria: kudzuka 4 koloko, kuchotsa ndowe, kumupesa, kumupereka kwa okwera. Anapambana kawiri, kamodzi ku bwalo la mpikisano la Turffontein. Kenako kunabwera lockdown kumapeto kwa March 2020, mipikisano n'kuima mpaka pa 1 June, eni mahatchi ambiri matumba atabooka.

Tsiku limene anavulala linali la mu August, chisanu chili mbuu pa udzu. Anabwerako kothamanga akuyenda bwinobwino, ndinamusambitsa osaona kanthu. Masana ndinagwada kuti ndimusisite miyendo ngati mwa masiku onse. Wakumanja unali zii ngati chitsulo. Nditatsitsa dzanja kumbuyo kwa wakumanzere wakutsogolo, pakati pa bondo ndi kakolo, ndinamva kutentha ngati ndagwira mbatata yongophula kumene. Ndinachotsa dzanja, ndinaliika m'madzi, ndinagwiranso, poganiza kuti mwina dzanja langa ndilo likunama. Nditafinya pang'ono anakweza mwendo n'kundiyang'ana. Ndinakhala pa udzu paja nthawi yaitali ndisanakauze munthu, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa ndiye kuti zake zatha. Pofika madzulo kumbuyo kwa mwendoko kunali kutatupa mokhota ngati nthochi.

Adokotala a ziweto anameta ubweya, anapaka mafuta oterera, n'kuyendetsa kamakina ka sikani. Pa sikirini mtsempha umaoneka woyera, koma wake unali ndi bowo lakuda pakati. Umenewu si mtsempha wa magazi ayi, ndi chingwe cholimba chija azungu amati tendon, chotsika kumbuyo kwa mwendo mpaka kufupi ndi chiboda. Chimagwira ntchito ngati mphira wa legeni. Taganizani nyama ya makilogalamu pafupifupi 500, pa liwiro la makilomita 60 pa ola, kutera pa mwendo umodzi. Timinyewa ta m'kati tikaduka timapola ndi chipsera, ndipo chipsera sichitamuka ngati mphira uja. N'chifukwa chake zambiri zikabwerera ku mpikisano zimaduka pomwepo. Adokotala anati chaka chathunthu, mwina kuposerapo.

Mwini wake sanabwere n'komwe, anangoimba foni. Kamphepo anali ndi zaka 6, atangozikwanitsa pa 1 August, tsiku limene mahatchi onse a mpikisano kuno kummwera amawonjezera chaka. Akanakhala wamkazi akanapita kukabereka. Koma anali wothena, ndiye panali njira ziwiri: apezeke womutenga ulere, kapena jakisoni. Mawu amenewa anakambidwa ine ndili pomwepo ndi foloko ya udzu m'manja, ngati kuti ndine mtengo.

Usiku umenewo ndinaimbira mayi a ana, amene mukudziwa ankagwira ntchito pa puloti ya Madamu aja kufupi ndi Meyerton. Ndinati, “Mayi a Chisomo, khola lija lili kuseri kwa garaja muli chiyani?” Anati, “Bambo, mwayamba misala?” Koma m'mawa anakafunsa. Madamu anavomera, malinga ndisiye ntchito ya kumipikisano ndizikasamalira munda wawo. Mapepala anasainira iwo, popeza malo ndi awo. Anatipatsa pasipoti ya hatchiyo, ili ndi chithunzi chojambula mabala ake onse ndi nambala ya kachipangizo kamene kali m'khosi mwake. Ndinaseka ndekha: Kamphepo pasipoti ili bwinobwino, yanga inali itatha.

Apa ndiime kaye. Pali bambo wina analemba kuti mtchona akudyetsa hatchi pamene nyumba ya amake ku Ntcheu ikudontha. Alamu anga nawonso ananena zomwezo pa maliro, ndinamva. Nyumba ija ndinafolera malata mu 2022, ndipo amene ankalankhulawo sanaperekepo ndi msomali womwe. Udzu wa teff ndinkagula ndi ndalama ya maganyu a Loweruka, sindinachotse pa ya kumudzi. Ndipo inu simunagonepo m'khola ndi nyama yodwala m'mimba mpaka tambala kulira. Ine ndinagona naye kawiri. Nkhani imeneyo ithere pompa.

Masabata oyamba inali ntchito ya paipi: madzi ozizira pa mwendo mphindi 20, m'mawa, masana ndi madzulo, kenako bandeji miyendo yonse iwiri, poti wabwinowo ndi umene ukusenza katundu. Osatuluka. Chakudya chonona cha kumipikisano chija tinachepetsa, koma hatchi yozolowera kuthamanga tsiku ndi tsiku ukaitsekera imapenga. Anatafuna chitseko mpaka thabwa linatha. Adokotala atalola, tinayamba kuyenda pa chingwe mphindi zisanu, kenako khumi, pa nthaka yolimba ndi yosalala, kumawonjezera pang'onopang'ono.

Mwezi wachitatu ndinalakwitsa. Chisomo anali akuyanika zovala, mphepo inakupiza nsalu, ine chingwe ndinali nditachigwira ndi zala ziwiri uku ndikuyankha foni. Anaima ndi miyendo yakumbuyo, chingwe chinandipsereza m'manja, uyo! Anathamanga mpaka ku mpanda, kukhota, kubweranso, mchira uli m'mwamba. Kukongola kwake kunandipweteka mtima. Ndinangokhala pansi pafumbi, bambo wa zaka 44, misozi ili chuchuchu pamaso pa mwana wanga. Atatopa anabwera yekha n'kundinunkhiza chipewa. Usiku wonse ndinkadzuka ndi tochi kukagwira mwendowo. Unafunda pang'ono, masiku atatu n'kuzizira. Sikani yotsatira inaonetsa kuti bowo lija likutsekeka ndithu. Foni sindinailowetsenso m'thumba poyenda naye.

Chaka chinatha choncho: wosula zitsulo za kumapazi masabata 6 aliwonse, katemera wa matenda a mahatchi otchedwa African horse sickness nyengo yozizira timaudzudzu tofalitsa matendawo tisanachuluke, sikani, kuyenda, sikani. Mu October 2021 ndinamuika chishalo. Woyamba kukwera anali Chisomo, ine nditagwira chingwe ndi manja awiri, amake ataphimba kumaso ndi chitenje. Mwendo mpaka lero ndi wonenepa kumbuyo, sudzawongokanso.

Patangopita masabata awiri, Madamu anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti puloti aigulitsa. Zimenezo tikambe Lachisanu.