Zimene ndaphunzira ku sukulu ya Simba

Loweruka lapitali ndinakwanitsa masabata asanu ndi limodzi ndikupita ndi Simba ku maphunziro a agalu, ndipo ndikawerenga m'kope langa ndikupeza kuti zambiri ndalemba za anthu a pakhomo pathu, za galuyo n'zochepa.

Chinandipititsa kumeneko ndi ngozi ya agogo. Lamlungu lina akuchokera kutchalitchi, atangokankha geti kwathu kuno ku Mabvuku mu mzinda wa Harare, Simba anawathamangira mchira uli pukupuku n'kuwaponda pachifuwa ndi miyendo yakutsogolo. Bulauzi yoyera ija inangoti mbuu ndi dothi, eni ake khu pa simenti. Sanathyoke, koma chiuno chinawavuta masabata awiri. Amalume anagamula kuti galuyo azikhala pa tcheni usana wonse, azimasulidwa usiku basi, ati akhale wolusa kuti akuba aziopa. Ndinawapempha kuti andipatse miyezi iwiri kaye.

Tsiku loyamba mphunzitsi anandifunsa mawu amene timagwiritsa ntchito pomuuza galu kuti akhale. Ndinayankha kuti "khala". Pobwerera m'kombi (minibasi) ndi pamene ndinazindikira kuti ndanama. Agogo amati "khala pansi iwe", ana a anthu amene amachita lendi kuseri amati "gara pasi" m'Chishona, mchemwali wanga amati "sit", amalume amangokuwa. Galu mmodzi, malamulo anayi, kenako tonse n'kumati ndi wosamva! Galu alibe chilankhulo, amangogwira kamvekedwe ka mawu n'kukalumikiza ndi chimene chimatsatira. Ivan Pavlov, wasayansi wa ku Russia amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904 chifukwa chofufuza za kagayidwe ka chakudya, anaona agalu ake akuchucha dovu atangomva zizindikiro zoti chakudya chayandikira. Simba nayenso amadziwa kulira kwa mthiko pa mphika wa nsima kuposa mawu anga onse. Tinakhala pansi pakhomo n'kugwirizana pa "khala", ndipo ana akuseri aja ndiwo akusunga pangano kuposa akuluakulu.

Phunziro limene linandichititsa manyazi ndi la nthawi. Mphoto kapena chidzudzulo chiyenera kubwera pa sekondi imodzi kapena ziwiri galu atangochita chinthucho. Ine ndinkabwera madzulo, kupeza nsapato yatafunidwa m'mawa, n'kumukwapula nayo. Iye sankadziwa za nsapato. Chimene ankaphunzira n'chakuti ndikafika pakhomo pamakhala zoopsa, ndipo kuzyolika kwake kuja, makutu ali kumbuyo, kumene ndinkati akuvomera kulakwa, anali mantha chabe. Masiku ano ndimayenda ndi kapenta m'thumba la buluku. Matako akangogunda pansi, kansomba kali kukamwa. Fungo lake m'kombi musandifunse.

Za kulumphira anthu, olakwa ndife. Ali kagalu tinkamunyamula, kumuseka akatikwera m'miyendo, kumusisita. Chimene chimabweretsa zabwino nyama imachibwereza, ndiye mfundo imene wasayansi wa ku America B.F. Skinner anaionetsa ndi makoswe ndi nkhunda. Ngakhale kumukankha ndi manja, kwa galu ndi masewera. Tinauzidwa kuti akalumpha tizipinda manja, kumufulatira, osamuyang'ana, osayankhula, ndipo miyendo yonse inayi ikakhala pansi ndiye timupatse moni. N'zosavuta kunena. Kuuza mlendo amene wangolowa pageti kuti afulatire galu wamkulu ngati ameneyu ndi nkhani ina.

Ndinafunsanso za chikhulupiriro cha amalume choti galu uyenera kumugonjetsa kuti adziwe bwana. Maganizo amenewa anachokera pa kafukufuku wa mimbulu yotsekeredwa pamodzi, monga wa Rudolf Schenkel wa mu 1947. David Mech, katswiri wa za mimbulu amene anathandiza kuwafalitsa, anadzawakana yekha ataona kuti kutchire gulu la mimbulu limakhala banja, makolo ndi ana awo. Ndinawafotokozera amalume, iwo anangoti, "Mphwanga, za azungu izo, galu ndi galu."

Komabe pa nkhani ya tcheni sindigonja. Galu womangidwa tsiku lonse, wosazolowera anthu, sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa aneba amene walowa kudzatola mpira, ndipo nkhope ya mwana imakhala pafupi ndi kamwa lake. Nthawi yabwino yozoloweza galu anthu, phokoso ndi kugwidwa ndi kuyambira masabata atatu mpaka cha pa khumi ndi awiri. Simba tinamutenga ali ndi miyezi inayi, n'chifukwa chake wilibala imamuopsa mpaka lero. Palinso za katemera wa chiwewe. Galu amene salola kugwidwa khutu kapena phazi amavutitsa kwa dokotala wa ziweto, eni ake n'kuyamba kuzengereza kupita naye, pomwe chiwewe chikangoonetsa zizindikiro pa munthu sichichizika. Choncho madzulo aliwonse ndimamugwira mapazi, kumutsegula kukamwa, kumuyang'ana m'makutu, kapenta ali pambali.

Dzulo agogo anabwera kuchokera kumsika atanyamula masamba. Simba anathamanga monga kale, ine mtima uli m'mwamba. Agogo anaima, kupinda manja, n'kunena kamodzi kokha, "Khala." Anakhala, ngakhale thupi lonse linkanjenjemera. Iwo anandiyang'ana n'kuti, "Mdzukulu wanga, nanga kansomba kaja kali kuti? Usamunamize mnzakoyu."

Chatsala ndi geti. Likangotseguka kuti galimoto ya madzi ilowe, Simba amatulukira kumsewu ngati mphezi, ndipo "bwera" wanga sakumumva. Loweruka likubwerali tikuyamba zimenezo ndi chingwe chachitali, ndipo amalume ati apita nawo kukaona ndi maso awo.