Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Hatchi Yomwe Inabadwa Mbuzi

M'gawo lathali ndinakusiyani ndili ku Luwinga, nditapeza ntchito yopanga fotokope m'kashopu kena kufupi ndi Mzuni. Mukukumbukira kuti mu Disembala 2015 laibulale ya pa yunivesiteyi inapsa. Ophunzira atabwerera, buku limodzi lomwe linapulumukira m'chikwama cha munthu linkafunidwa ndi kalasi yonse. Sindikunena monyada, koma kwa ife a fotokope chaka cha 2016 chinali cha dzinthu. Makina ankalira kuyambira m'mawa mpaka mdima, ndipo akatentha ankatafuna mapepala kapena kuwalavula ali ndi mizere yakuda. Mapepala oterowo abwana ankati nditaye. Ine mwana wa ku Ntcheu, woleredwa ndi mayi wosataya ngakhale ulusi wa thumba la feteleza, ndinkawanyamula kupita nawo ku Chibavi kuti tizikakolezera mbaula. Kuseri kwake anali oyera bwinobwino.

Lamlungu lina mu Juni, nthawi ija kuzizira kwa Mzuzu kumalowa mpaka m'mafupa ndipo kamvula kowaza sikadziwa kukata, mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku Sande Sukulu atanyamula funso. Anali Sitandade 1. Tsikulo anawauza za Farao ndi akavalo ake omwe anamira m'Nyanja Yofiira.

"Adadi, kavalo ndi chiyani?"

"Ndi hatchi."

"Nanga hatchi ndi chiyani?"

Apa ndiye ndinagwidwa. Taganizani, nyama imodzi tili nayo ndi mayina awiri, kavalo lomwe tinabwereka kwa Apwitikizi monga tinabwerekera nsapato ndi kalata, komanso hatchi, koma ambirife sitinaikhudzepo ngakhale ndi chala. Ndinati ili ngati bulu, kungoti ndi yaikulu. Mwanayo bulu anali asanamuonepo. Ku Mzuzu katundu ndi anthu zimayenda pa njinga za Sakramento, osati pa ngolo.

"Ndijambulireni."

Ndinali ndi zaka 34, ndipo chijambulire mapu a Malawi ku pulayimale ndinali ndisanajambulenso kanthu. Komabe bambo sangagonje pamaso pa mwana wa zaka 6. Ndinasolola pepala pa mulu wa mbaula uja, n'kubwereka pensulo yake yomwe, yotafunidwa kumapeto. Ndinachita thukuta m'nyengo yozizira. Nditamaliza, anayang'anitsitsa kwa kanthawi.

"Imeneyi ndi mbuzi ya agogo."

Mayi ake anasiya kusadzula masamba n'kudzasuzumira. "Abambo ake, mwangoiwala ndevu basi."

Ananena zoona. Kamchira kanali koloza kumwamba, mimba yotuluka, ndipo phazi lililonse ndinaligawa pakati osaganiza n'komwe. Ndili mwana ndinaweta mbuzi zaka zambiri, ndiye dzanja linangotulutsa zomwe maso anadya.

Sabata yotsatirayo, makasitomala akachepa ndinkayesanso. Panatuluka galu. Panatuluka ng'ombe yopanda nyanga. Panatulukanso china chake chonga tebulo lokhala ndi mutu, chomwe mpaka lero sindidziwa mtundu wake.

Pa poloti pomwe tinkachita lendi pankakhalanso agogo ena a ku Dedza, omwe ankasungidwa ndi mwana wawo. Sankalankhulalankhula. Tsiku lonse ankangokhala pakhonde atafunda bulangeti, kuwothera dzuwa likapezeka. Madzulo ena mphepo inaulutsa limodzi la mapepala anga n'kukaligwetsa pa mapazi awo. Analitola, n'kulitalikitsa ndi maso monga amachitira akuluakulu.

"Mwananga, chimenechi n'chiyani?"

"Ndimayesa hatchi, agogo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali ndisanawamvepo akuseka. Kenako anandiuza kuti ali mnyamata anatsika ku Harare, nthawi imeneyo kukutchedwa Salisbury, monga ankachitira anyamata ambiri a kuno, ndipo zaka zawo zonse za kumeneko anathera m'khola la mahatchi a mzungu wina: kupesa, kumwetsa, kuwola ndowe. Anatenga ndodo yawo n'kuyamba kulemba pa dothi lonyowa.

"Choyamba, chiboda n'chimodzi. Mbuzi ndi ng'ombe n'zogawanika, hatchi ayi. Ukagawa phazi, wapha kale."

Anajambula bokosi, mulitali ndi mulifupi mofanana. Anati ukachotsa mutu ndi khosi, hatchi imakwana m'bokosi lotero, kuchoka pachifuwa kufika kumatako n'chimodzimodzi kuchoka pansi kufika paphewa. Zanga zonse zinali zazitali ngati basi, n'chifukwa chake zinkafanana ndi agalu. Khosi nalonso anati lisamere pamwamba ngati la nkhuku. Limachokera pachifuwa lili lonenepa n'kumka liwonda pokwera kumutu.

Koma chomwe chinandizunguza mutu ndi mwendo wakumbuyo. Ine ndinkadziwa kuti bondo la nyama za miyendo inayi limayang'ana kumbuyo, basi.

"Limenelo si bondo," anatero agogo. "Taimirira. Nyang'ama."

Ndinaima ndi zala za kumapazi, bambo wa banja, pakati pa poloti, amayi akumpope akundiyang'ana.

"Chidendene chako chaloza kuti?"

"Kumbuyo."

"Ndi chimenecho. Hatchi imayenda monyang'ama moyo wake wonse, pa chala chimodzi, ndipo chiboda ndi chikhadabo chake. Bondo lenileni lili m'mwamba, pafupi ndi mimba, ndipo limayang'ana kutsogolo ngati lako."

Usiku umenewo ndinagona ndikuganiza za mbuzi zonse zomwe ndinasenda pa Khirisimasi osazindikira kuti ndagwira chidendene.

Ndinawafunsanso chifukwa chomwe kuno kwathu mahatchi ali osowa chonchi. Anayankha ndi liwu limodzi: kashembe. Ntchentche yomwe ija imapatsa anthu matenda a kaodzera cha ku Vwaza, m'boma la Rumphi, ikaluma hatchi imaipatsa matenda omwe amaifoola mpaka kufa. N'chifukwa chake malo okwera ndi ozizira monga ku Nyika ndi ku Zomba ndiwo amayanjana ndi mahatchi, ndipo alendo ankawakwera ku Chelinda pokaona nyama.

Tsono vuto linali loti agogo ankafuna hatchi yeniyeni, ya minofu ndi mitsempha, pomwe ine ndinkafuna yoti mwana aseke, yamtundu wa makatuni aja tinkathamangira m'nyuzipepala, ngati Pewani wa Brian Hara mu Malawi News. Dzanja langa la minofu silikanatha. Ndiye ndinapeza njira yanga ya kumsika, yomwe ndimaphunzitsa nayo ana mpaka pano.

Thupi ndi mbatata yogona chammbali. Mutu ndi peyala, koma mbali yonenepa ikhale kukamwa, yowonda kumakutu, ndipo liweramire pansi pang'ono. Mizere iwiri ilumikize peyala ndi mbatata, yotalikirana pansi, yoyandikana pamwamba. Miyendo ndi timitengo tinayi ta nsungwi, iwiri ya mbali inayo ifupikirepo pang'ono kuti ioneke ili kuseri, ndipo kunsi kwa uliwonse muvundikire kakapu. Zonsezi muzilemba mopepuka, pensulo ikungokhudza pepala. Ine poyamba ndinkakanikiza ngati ndikusainira ngongole, ndipo pofufuta pepala linkabooka. Mukakhutira ndi maonekedwe m'pamene mumadutsitsa mzere umodzi wakuda kuzungulira kunja, n'kufufuta mbatata ndi peyala zam'kati zija.

Katuni imaloledwa kunama. Mutu mutha kuukulitsa kuposa thupi, miyendo n'kuifupikitsa, mano n'kuwatulutsa ngati a munthu woseka pa chithunzi cha ukwati. Hatchi yeniyeni maso ake ali m'mbali mwa mutu, moti mukaiona chammbali mumaona diso limodzi, koma ine ndimaika awiri moyandikana, ndipo palibe mwana anadandaulapo. Agogo okha ndiwo ankapukusa mutu.

Koma pali malo omwe mukanama, nyama imasintha mtundu pomwepo. Makutu mukawatalikitsa, mwajambula bulu. Manyenje, ubweya wautali wa pakhosi uja, ayenera kugwera mbali imodzi ngati tsitsi; mukawaimika njo, mwapita ku Nyika kukatenga mbidzi, kwangotsala mizere. Mchira nawo ubweya wake uyambire kumtunda komwe, uwirire ngati litchowa la Kamuzu. Mukajambula chingwe chokhala ndi kangayaye kumapeto, ng'ombe ija yabweranso. Ndinawononga mapepala ambiri ndisanazindikire kuti uhatchi wonse wa katuni wagona pa kamwa lalitali, manyenje ndi mchira, ndipo zina zonse mutha kusewera nazo.

Nditayamba kudzimva, ndinayesa yothamanga. Miyendo yakutsogolo ndinaitambasulira kutsogolo, yakumbuyo kumbuyo, ngati chikopa chokhomedwa padzuwa. Mnyamata wina wa pa Mzuni, podikira mapepala ake, anaiona pa kauntala n'kutulutsa foni. Anandionetsa zithunzi zomwe Eadweard Muybridge anajambula mu 1878 ku California, atandandalika makamera m'mbali mwa njira yomwe hatchi inkathamanga. Zithunzizo zinaonetsa kuti ilipodi nthawi yomwe mapazi onse anayi amakhala m'malere, koma pa nthawiyo miyendo imakhala itapindikira pansi pa mimba, osati itatambasuka. Akatswiri ojambula a ku Ulaya anakhala akulakwitsa zimenezi kwa zaka zambirimbiri, mahatchiwo ali nawo kuseri kwa nyumba. Kunena zoona mtima wanga unakhala pansi. Ngati iwo ankaphonya akuiona tsiku ndi tsiku, ine wa ku Chibavi ndani angandizenge mlandu?

Panatha masabata atatu. Loweruka lina ndinatenga yomwe ndinaiona kuti yakhalako bwino n'kupita nayo kukhonde kuja, mwana ali pambuyo panga. Agogo anaitalikitsa ndi maso monga mwa nthawi zonse. Anawerenga miyendo ndi chala. Anaima nthawi yaitali pa chidendene.

"Iyi singakoke ngolo," anatero. "Mutu wokhawu ingagwe nawo chafufumimba. Koma ndi hatchi."

Mwana anailanda pomwepo n'kuthamangira m'nyumba. Anaipaka chekeni chobiriwira thupi lonse, manyenje ofiira, ndipo sindinamuletse. Mayi ake anaimata pakhoma ndi phala la ufa, pambali pa kalendala ya tchalitchi. Kuseri kwake kunali tsamba la notsi za anthu a digiri, lodzaza mizere yakuda ya makina aja.

Madzulo tikudya nsima ya usipa, ndinaona mwana akungoyang'ana kukhoma, mbamu ili m'manja.

"Adadi."

"Ee mama."

"Nanga Farao ali kuti? Hatchiyi akwere ndani?"

Farao woyamba anatuluka ndi nkhope ya abwana anga a kushopu, mphuno ndi dazi lomwe, ndipo mwatsoka ndinamuiwala pa galasi la makina a fotokope Lolemba m'mawa. Zomwe zinachitika abwana atatsegula chivundikirocho ndidzakuuzani m'gawo 18.