Geneva, kamzinda kamene kanafika kwathu kalekale

Amene tinakulira pa wailesi dzina la Geneva timalidziwa bwino. Nkhani zikamawerengedwa madzulo, sipankalephera kumveka kuti akuluakulu akumana ku Geneva, kaya pa za nkhondo, kaya pa za matenda. M'mutu mwanga munali chimzinda cha nyumba zosanja zogunda mitambo. Nditatera kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, ndinakwera sitima pabwalo la ndege pomwepo, ndipo mphindi khumi zisanakwane ndinali pa siteshoni ya Cornavin, pakati pa mzinda. Ndinatsetsereka ndi msewu wa Rue du Mont-Blanc, ndisanatope n'komwe ndinangoona nyanja iyo. Mzinda wake ndi womwewo. Anthu okhalamo ndi pafupifupi 200,000 basi, moti Lilongwe amauposa pafupifupi kasanu, ndipo mwa anthu amenewa pafupifupi theka si nzika za Switzerland.

Zimenezi munthu umazimva ndi makutu. Chinenero cha mzindawu ndi Chifalansa, koma mu tramu, kasitima kamagetsi koyenda mumsewu, umamva Chipwitikizi mbali ino, Chiarabu mbali iyo, kumbuyo kwako Chingerezi cha ku West Africa. Ndinkagona ku Pâquis, dera la pakati pa siteshoni ndi nyanja, kumene kuli malo odyera a anthu a ku Eritrea ndi timasitolo togulitsa ufa wa chinangwa, therere ndi nsomba zouma. Pahotela anandipatsa khadi limene mlendo aliyense wogona mu hotela za ku Geneva amalandira, lokwerera basi, tramu ndi timaboti tachikasu totchedwa Mouettes osalipira kanthu. M'mzinda wodula ngati uwu, khadi limeneli ndi chuma.

Nyanja yake eni ake amaitcha Léman. Kwa ife ana a Nyanja ya Malawi ndi yaing'ono, masikweya kilomita 580, moti m'nyanja yathu ingalowemo pafupifupi ka 50. Koma ndi yakuya, mamita 310 pamalo ena, ndipo madzi ake ndi oyera mbee, miyala yapansi kumaoneka. Mtsinje wa Rhône umalowa kum'mawa kuchokera m'mapiri a Alps n'kudzatulukira pakati pa Geneva, ulendo wa ku France. Pamene nyanja ikuthera m'pamene pali chizindikiro cha mzindawu, Jet d'Eau, madzi othuvuka m'mwamba mamita 140, malita 500 pa sekondi iliyonse. Poyamba sichinali chokongoletsa ayi. Mu 1886 kunali fakitale yopopa madzi oyendetsera makina a amisiri a mumzinda. Madzulo amisiriwo akatseka makina awo, mphamvu ya madzi inkachuluka m'mapaipi, ndiye anaika potulukira kuti asaphulike. Anthu anayamba kukonda kuonerera, ndipo mu 1891 akuluakulu a mzinda anakasamutsira kunyanja. Pali kanjira ka miyala kofika pafupi. Mphepo ikangotembenuka, onse oimapo amanyowa, ana kumakuwa ndi chimwemwe.

Koma malo amene anandigwira mtima m'mbali mwa nyanjayi ndi Bains des Pâquis, posambira pa anthu wamba, pamene panatsegulidwa mu 1872. Palibe chonyadira pomanga pake: simenti, timakwerero tolowera m'madzi, tizipinda tosinthira zovala, ndi kakhitchini kogulitsa chakudya chotsika mtengo. M'zaka za m'ma 1980 akuluakulu a mzinda anafuna kugwetsa malowa kuti amange amakono. Anthu osambirapo anakana, nkhani inapita kuvoti mu 1988, ndipo anthuwo anapambana. Lero umapeza wa suti atavula jekete akudya pa benchi limodzi ndi wosesa mumsewu, agogo akusambira m'mamawa madzi akuzizira, ana asukulu akudumpha pathandala. Kuseri kwawo kuli mahotela amene usiku umodzi ungadye malipiro a mphunzitsi wakwathu a miyezi ingapo, koma gombe silinagulitsidwe. Ndinakhala pamenepo mtima ukundiwawa pang'ono, chifukwa kwathu ku Salima ndi ku Mangochi magombe abwino ambiri ali kuseri kwa mipanda, ndipo mwana wobadwira pomwepo amachita kuzungulira kuti akafike pamadzi a makolo ake. Za mipandazi tiyenera kumazikamba mosabisa.

Tsidya lina la mtsinje, pakaphiri, ndi pamene pali mzinda wakale. Ine ndinakulira mu CCAP, ndipo sindinadziwe kuti miyendo idzanjenjemera polowa m'tchalitchi cha Saint-Pierre. Anayamba kuchimanga cha m'ma 1160 chili cha Akatolika, koma mu 1536 anthu a ku Geneva anavomera chiphunzitso cha okonzanso mpingo, zithunzi ndi zifaniziro zitachotsedwa kale. Mpaka lero m'katimo ndi mopanda zokometsera, mizati yamiyala ndi mabenchi basi. Chaka chomwecho John Calvin, Mfalansa wothawa kwawo, ankangodutsa mumzindamu, koma mlaliki Guillaume Farel anamuumiriza kuti akhale. Anamupirikitsa mu 1538, anamuitananso n'kubwerera mu 1541, ndipo anakhala mpaka imfa yake mu 1564. Mpando wake ulipo pafupi ndi gome lolalikirapo, kampando kathabwa kowongoka msana, kosapatsa chidwi.

Atabwerera mu 1541, Calvin anakonza dongosolo la mpingo la maudindo anayi: abusa, aphunzitsi, akulu ampingo ndi atumiki. Nditawerenga zimenezi ndinaona nkhope za akulu ampingo akwathu atakhala kutsogolo Lamulungu m'mawa, ndi atumiki akuyendetsa mbale ya chopereka. Pafupi ndi tchalitchicho pali kanyumba kopemphereramo kotchedwa Auditoire, kumene John Knox ankalalikira kwa anthu othawa ku England pakati pa 1556 ndi 1559. Knox anatenga dongosolo limeneli n'kupita nalo kwawo ku Scotland. Patapita zaka zoposa 300, ana a mpingo wa ku Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876. A Dutch Reformed ochokera ku South Africa, nawonso a mbewu ya Calvin yomweyo, anafika ku Mvera mu 1889. Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana mu 1924 kupanga CCAP, Nkhoma n'kulowa mu 1926. Mu Auditoire muja mpingo wa ku Scotland umapempherabe m'Chingerezi Lamulungu lililonse, ndipo ndinakhala nawo. Nyimbo ina itayamba, mawu ake a Chingerezi sindinawasowe, ndinangoimba ya m'buku lathu chapansipansi.

Mbiri imeneyi ili ndi magazi ake, ndipo wokonda mpingo wake asaibise. Mu Okutobala 1553 mzindawu unawotcha wamoyo Michael Servetus, dokotala wa ku Spain, chifukwa chokana chiphunzitso cha Utatu, ndipo Calvin ndi amene anamuneneza. Ndinapita ku Champel kumene anamuwotchera. Pali mwala umene otsatira a Calvin anaimika mu 1903 kuvomereza kuti chimene chinachitikacho chinali cholakwa. Panapita zaka 350 kuti aunene mlanduwo poyera, koma anaunena, pamwala, pamene aliyense angawerenge. Mwala umenewu ndinaulemekeza kuposa zifaniziro zazitali mamita asanu za Farel, Calvin, Beza (amene analowa m'malo mwa Calvin) ndi Knox zimene zili pa khoma la ku Parc des Bastions, ngakhale kuti kumeneko ndi kumene alendo amaunjikana pojambula.

Wotchi yamaluwa ya ku Jardin Anglais, ya 1955, ndinangoiona n'kudutsa. Chosangalatsa ndi chiyambi cha mawotchiwo: malamulo a nthawi ya Calvin analetsa kuvala zodzikongoletsera, osula golide n'kutembenukira ku mawotchi, ndipo Apulotesitanti othawa mazunzo ku France anabwera ndi luso lawo kudzawonjezera. Chuma cha mzindawu, gawo lalikulu, chinabwera ndi othawa kwawo. Ku CERN, malo ofufuzira za sayansi kumene Tim Berners-Lee anayambitsira World Wide Web mu 1989, tramu 18 imakafika pakhomo, ndipo okonda sayansi angathe tsiku lonse kumeneko.

Ine tsiku langa lalitali ndinalithera ku Place des Nations. Patsogolo pa Palais des Nations, nyumba imene inamangidwira League of Nations, bungwe lakale la mayiko, m'zaka za m'ma 1930 ndipo lero ndi ofesi ya United Nations, pali mizere ya mbendera za mayiko onse. Ndinafufuza yathu mpaka ndinaipeza, dzuwa lofiira lija likutuluka. Pabwalo pomwepo paima chimpando chathabwa chotalika mamita 12, mwendo umodzi uli wothyoka. Anachisema ndi Daniel Berset mu 1997, pa pempho la bungwe la Handicap International, kuti nthumwi zolowa m'nyumbamo zisaiwale anthu oduka miyendo ndi mabomba okwirira pansi. Alendo ena ankajambulitsa akumwetulira. Ine sindinathe. Kwathu ndi ku Dedza, kufupi ndi malire, ndipo ndikukumbuka anthu a ku Mozambique akubwera ndi mitolo pamutu nkhondo itavuta kwawo, ena pa ndodo, mwendo umodzi palibe. Panthawi ina othawa nkhondo amenewa anaposa miliyoni imodzi m'Malawi. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, koma mabombawo anatsala m'minda mpaka mu 2015 pamene dzikolo linalengeza kuti lamaliza kuwazula. Matenti ndi magalimoto amene tinkawaona tili ana anali olembedwa UNHCR, bungwe loona za othawa kwawo, ndipo likulu lake lili pomwepa, kuyenda pansi mphindi zochepa kuchokera pampandopo.

Ukakwera kamtunda pang'ono umapeza likulu la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndipo chapafupi pali Global Fund, thumba limene linakhazikitsidwa mu 2002. Ndalama zochokera ku thumba limeneli ndi zimene zinathandiza kuti Malawi ayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004. Amene tinaona zaka zamaliro zija, pamene opala mabokosi ankachulukira m'mbali mwa misewu, tikudziwa kuti 2004 inatanthauza chiyani. Ndili ndi abale amene ali moyo lero, akulera zidzukulu, chifukwa cha mabotolo aja. Katemera wa malungo amene anayamba kuperekedwa kwa ana kwathu mu 2019, limodzi ndi Ghana ndi Kenya, ndondomeko yake inayendetsedwa ndi WHO yomweyi. Nyumbazo ndi maofesi wamba, magalasi ndi udzu wotchetcha bwino, anthu akutuluka kukadya nkhomaliro. Mtima wanga unali pawiri. Kuthokoza kunalipo. Koma kunalinso kusamasuka poganiza kuti moyo wa m'bale wanga umadalira msonkhano wa m'chipinda chakutali chonchi, ndi kuti opereka ndalamawo akadzatembenuka mtima, botolo lija lingasowe pachipatala cha kwathu.

Moyang'anana ndi Palais kuli nyumba yosungiramo mbiri ya Red Cross. Bungweli linabadwira mumzinda uno mu 1863, Henry Dunant ataona asilikali ovulala atangosiyidwa pa nkhondo ya ku Solferino mu 1859. M'katimo muli mashelefu agalasi odzaza ndi makadi mamiliyoni a akaidi a Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, khadi lililonse dzina la munthu amene abale ake ankamufunafuna. Musapite mothamanga kumeneku.

Azakhali anga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Geneva, koma sakhala mumzindamo. Amakhala ku Annemasse, tsidya la malire ku France, ndipo amakwera sitima ya Léman Express imene inayamba kuyenda mu Disembala 2019. Anthu oposa 100,000 amawoloka malire chonchi kudzagwira ntchito. Mu 2020 anthu a ku Geneva anavotera malipiro ochepetsetsa a mafranki (ndalama za ku Switzerland) 23 pa ola, ndalama yomveka yambiri, koma lendi ya mumzinda imameza zonse. Ndinawafunsa kuti, "Azakhali, zaka zonsezi simunaganizeko zosamukira pafupi ndi ntchito?" Anapukusa mutu. "Mwanangu, Geneva ndi munda. Timalima kuno, kugona timakagona kumudzi." Madzulo amenewo tinakwera limodzi sitimayo itadzaza anamwino, ophika, omanga nyumba ndi oyeretsa m'maofesi aja, ambiri atatsinzina ndi kutopa. Kunyumba kwawo anandiphikira nsima ya ufa wogula ku sitolo ya Achiafirika, ndiwo zake nyemba ndi kabichi.

Iwowo ndi amene anandiphunzitsa kusamala ndalama: chakudya kugula m'masitolo a Migros kapena Coop n'kukadyera kunyanja, botolo la madzi kudzaza pa mipope ya m'misewu poti madzi ake ndi akumwa, ndi kugula zofunika Loweruka chifukwa Lamulungu masitolo ambiri amatseka. Anandiuzanso kuti ndidzabwerenso mu Disembala, ndi zovala zamphepo zenizeni, kudzaona Escalade. Usiku wa pa 11 kuchera 12 Disembala 1602, asilikali a mfumu ya Savoy anayesa kukwera linga la mzindawu ndi makwerero, anthu anadzuka n'kuwabweza, ndipo amati mayi wina, Mère Royaume, anakhuthulira mphika wa msuzi wotentha pamutu pa mmodzi wa iwo. Mpaka lero mabanja amagula mphika wa chokoleti wodzaza ndi timasiwiti tooneka ngati ndiwo zamasamba, ndipo wamkulu ndi wamng'ono pa onse m'nyumbamo amagwirana manja n'kuuphwanya limodzi. Azakhali akuti kunyumba ya okalamba kumene amagwira ntchito, chaka chatha anaphwanya ndi gogo wina wa zaka zoposa 90 pamodzi ndi kamdzukulu ka mnzawo wapantchito wa ku Cape Verde.