Zikomo a malume, gitala ija yalira

Loweruka lapitali ndinaimba koyamba pamaso pa anthu olipira pakhomo. Mpaka lero mawu akadali osasa, koma ndati ndisachedwe kuthokoza.

Ndiyambe ndi inu a malume. Bambo atatisiya, ine ndinkangokhalira kukhwacha kagitala kanga ka chigubu cha mafuta, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga, zala zili matuza okhaokha. Inu munkabwera madzulo ndi wailesi yanu ija yomanga ndi mphira, nyimbo za country zikayamba mumvekere, "Iwe, tamumvera mayi uyu." Anali Dolly Parton.

Mbiri yake munkaidziwa ngati munakulira naye mudzi umodzi. Anabadwa mu 1946 m'kanyumba ka chipinda chimodzi kumapiri a Tennessee, wachinayi mwa ana 12. Bambo ake, mlimi wosadziwa kuwerenga, analipira dokotala womubadwitsa ndi thumba la ufa wa chimanga. Apa ndinaseka, ndimayesa mukundinamiza. Ku America, kulipira ndi ufa? Kuimba anayambira m'tchalitchi cha agogo ake aamuna, omwe anali mlaliki wa Pentekosite, ndipo nayenso gitala yake yoyamba inali yopanga pakhomo.

Koma pamene munkakokera mawu ndi pa Bill Owens, mlongo wa mayi ake. Gitala yeniyeni anailandira kwa mmodzi mwa amalume ake ali ndi zaka 8, ndipo Bill ameneyu ndiye anamutengera ku Knoxville kukaimba pa pulogalamu ya pawailesi ya Cas Walker ali ndi zaka 10. Pofika zaka 13 mtsikanayo anaima pa Grand Ole Opry, siteji yotchuka ya nyimbo za country mumzinda wa Nashville, womuitana kutsogolo ali woimba wotchuka Johnny Cash. Mu 1964 anamaliza sekondale, m'mawa mwake ulendo wa ku Nashville.

Kunena zoona, nkhaniyi inkanditopetsa. Munaikamba mwina ka 20. Sindinkadziwa kuti mukudzilimbitsa mtima nokha, mpaka tsiku lija munagulitsa mbuzi ziwiri n'kubwera ndi gitala yokulunga m'chitenje cha akunyumba kwanu. Mbuzizo zinali za feteleza, ndipo ndikudziwa kuti sabata imeneyo nsima munaidya movutikira. Azakhali, pepani, komanso zikomo.

Amayi, poyamba munkati zoimbaimba n'za anthu osalongosoka, koma Loweruka munakhala mpando wakutsogolo, duku latsopano kumutu. Ndinakuonani mukupukuta misozi. Amayi a kwaya amene munandiphunzitsa kupuma poimba, achimwene amene munatibwereka masipika, ndi nonse amene munayatsa matochi a mafoni magetsi atathima pakati pa nyimbo yachitatu, Mulungu akudalitseni.

A malume, ndalama ya pakhomo sinakwane mbuzi ziwiri. Yakwana imodzi, yaikazi, ndipo ndibwera nayo Lachisanu.