Lipoti lapita, koma nyemba za amayi a ku Jali sitinagule

Sabata yonseyi yathera pa lipoti la pakota, lomwe timalemba miyezi itatu iliyonse. Anzanga ogula katundu wa boma mukudziwa kale kuti lamulo la 2017 linati pa ma tenda (mipikisano yogulitsa katundu ku boma) a m'dziko muno, 60 mwa 100 aliwonse azipita kwa Amalawi akuda eni nthaka, ndipo mu 2020 kunabwera lina lopatulira mabizinesi ang'onoang'ono ntchito zawozawo. Malamulowa ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Chatsopano ndi fomu yomwe atipatsa: pa LPO (chikalata choitanitsira katundu) iliyonse tilembe mwini kampani, kukula kwa bizinesi yake, ndi mapepala otsimikizira zonsezo.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinali m'mafayilo, magetsi akuthimathima, bando ya intaneti yochokera m'thumba mwanga, poti mabwana akuti bajeti yake palibe. Zimenezo tinazolowera.

Chandiwawa ndi cha Lachitatu. Kuli kopaletivi ya amayi cha ku Jali yomwe yakhala ikutibweretsera nyemba za kukhitchini kwa nthawi yaitali, nyemba zosankha bwino, zopanda miyala kapena anankafumbwe. Wapampando wawo anabwera m'mawa ndi kotesheni. Poona mapepala ndinapeza kuti setifiketi yawo ya PPDA (bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma) inatha, ya msonkho ya ku MRA nayonso inatha. Kale tikanawapatsa masiku akakonze, koma pa fomu yatsopanoyi mzere wopanda nambala ya setifiketi sudutsa.

"Mayi, pepani, ulendo uno sizitheka," ndinawauza.

"Bwana, ndalama yokonzetsera mapepalawo tiitenga kuti? Za matumba aja tinakupatsani mvula isanagwe simunatilipire mpaka lero."

Sananame mayiwo. Ma invoisi awo ali kuakawunti kwathu konkuno, angounjikidwa pa tebulo. Ngongole ndi yathu, koma olangidwa ndi iwo. Anakulunga mapepala awo m'chitenje n'kunyamuka wapansi kupita kudepoti, ine manyazi atandigwira.

Oda inapita kwa bambo wina wa kampani ya m'chikwama. Mapepala ake ndi oyera, palibe ungalozepo chala, ndipo ndi Mmalawi ndithu. Koma munda alibe, nyumba yosungira katundu alibe. Akalandira LPO amathamangira pa Songani kapena ku Thondwe tsiku la msika, n'kugula nyemba kwa alimi ngati amayi omwewa pa mtengo wolira, kwa ife n'kudzaikapo phindu lake. M'lipoti mwanga bamboyu walowa bwinobwino m'gulu la mabizinesi ang'onoang'ono a Amalawi, ndipo nambala yathu yakwera. Fomu ilibe pofunsa kuti analima ndani, ilibenso pofunsa kuti munthu wamng'ono tinamulipira patapita miyezi ingati.

Lachinayi pa msonkhano wa IPDC, komiti ya pa ofesi pathu yovomereza zogula, ndinaidzutsa nkhaniyi. Ndinapempha zinthu ziwiri zokha: makopaletivi azilipidwa poyamba ndalama zikangofika, komanso atipatse galimoto tsiku limodzi tikawaphunzitse kumudzi komweko za mapepalawa asanathe. Yankho linali lakuti zolipira ndi za akawunti, ndipo mafuta palibe. Chikhalirecho sabata yomweyi galimoto yapita ku Mangochi ndi mabwana ku semina ya nkhani yomweyi ya kugula katundu kwa Amalawi.

Lachisanu lipoti ndatumiza nthawi isanakwane, lolondola mzere uliwonse, chifukwa ntchito yanga sindiseweretsa. Lolemba ndikakhala pakhomo pa akawunti ndi ma invoisi a amayiwo mpaka vocha yawo isainidwe.